Inshuwalansi ya madokotala: amalipira ndani chithandizo chikalakwika?

Inshuwalansi ya madokotala ndi mgwirizano womwe dokotala kapena chipatala chimapereka ndalama ku kampani chaka ndi chaka, kuti wodwala akavulala kapena kumwalira chifukwa cha kusasamala pantchito, kampaniyo ilipire chipukutamisozi ndi maloya. Imafanana ndi ija yomwe malamulo apamsewu amalamula kuti galimoto iliyonse ikhale nayo.

Kwa anthu a ku Dwambazi, kumalire a Nkhotakota ndi Nkhata Bay, kufunika kwake kumatengera komwe alandira chithandizo. Dwambazi Rural Hospital ndi chipatala chaboma, choncho wogwira ntchito kumeneko akalakwitsa, wodandaula amasumira boma, ndipo chipukutamisozi chimachokera m'misonkho. Koma pa kachipatala kolipira, monga tomwe timapezeka m'misika ya mumsewu wa M5, mlandu umagwera mwini wake.

Apa ndi pomwe pali chiopsezo. Dokotala wopanda inshuwalansi akagonja kubwalo la milandu, amalipira ndi chuma chake, ndipo akalephera, nyumba, galimoto kapena zipangizo zachipatala zikhoza kulandidwa. Ngakhale atapambana, ndalama za maloya zimakhala zatuluka kale. Wodwala naye amapwetekeka kawiri: msodzi yemwe wapuwala mkono akhoza kuwina mlandu koma osalandirako kanthu ngati wolakwayo alibe chuma. Kachipatalako kakatsekedwa, anthu a m'deralo amayenda mtunda wautali kufuna chithandizo. Mantha a milandu amachititsanso madokotala ena kubisa zomwe zalakwika kapena kukana odwala omwe ali mwakayakaya.

Madandaulo otere si achilendo m'dziko muno. Mu 2019, ofesi ya Ombudsman, pansi pa Martha Chizuma, idatulutsa lipoti la Woes of the Womb lokhudza amayi omwe adachotsedwa chiberekero m'zipatala zina zaboma kaamba ka kusasamalidwa bwino pobereka.

Maiko ena adaona kale vutoli. Madokotala a ku Britain adakhazikitsa bungwe la Medical Defence Union mu 1885 kuti azitetezana pamilandu, ndipo kuyambira mu 2014 lamulo la dzikolo limafuna kuti dokotala aliyense akhale ndi chitetezo chotere. Kenya idaikanso lamulo longa ili mu 2019.

Komabe inshuwalansi si chikopa cha zonse. Siyilipira zoipa zochitidwa mwadala, ndipo siyiteteza munthu wochiza popanda chiphaso. Siyiletsanso bungwe la Medical Council of Malawi, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, kuimitsa dokotala kapena kumufufuta m'kaundula. Koma bungweli limapereka chilango chokha. Chipukutamisozi chimadzera kubwalo kapena pa mgwirizano wa mbali ziwirizo.

Yemwe akuganiza kuti adalakwiridwa asunge bwino buku lake lakuchipatala ndi malisiti, chifukwa ndiwo umboni woyamba. Akhoza kukadandaula ku Medical Council kapena ku ofesi ya Ombudsman, ndipo wosowa ndalama za loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Asazengereze, pakuti mlandu wa kuvulazidwa umayenera kufika kubwalo pasanathe zaka 3.