MBIRI YA MAPHUNZIRO A PA YUNIVESITE YA ZAMBIA

Komboni ya Ng'ombe inatenga dzina lace ku ng'ombe zimene zinali kudya msipu pamalopo anthu asanamangepo nyumba. Kum'mwera kwace, kupitirira Kalundu, pa mseu wa Great East Road, pali Yunivesite ya Zambia. Ana ambiri a m'Ng'ombe akula alikuona nyumba zace zazitali, koma ndi owerengeka amene adziwa m'mene maphunziro a m'katimo anayambira, ndi cifukwa cace ena anatsogola ndipo ena anadza m'mbuyo.

M'masiku a Northern Rhodesia munalibe yunivesite m'dziko muno. Mnyamata wotsiriza bwino pa Munali anali kupita ku Fort Hare ku South Africa, kapena ku Makerere ku Uganda, kapena ku koleji ya ku Salisbury imene inayamba kuphunzitsa mu 1957. Pofika tsiku la ufulu mu 1964, Afirika a dziko lino okhala ndi digiri anali ngati 100 cabe, ndipo anthu owerengekawa ndiwo anayenera kuyendetsa boma, makhoti, masukulu ndi zipatala.

Mu 1963 bungwe lotsogozedwa ndi Sir John Lockwood linalangiza kuti dziko limange yunivesite yaceyace, yosamalira zosowa zenizeni za anthu ace. Linatinso wophunzira aloledwe kulowa atapambana mayeso a O-level, osayembekeza Fomu 6 imene inali m'masukulu ocepa kwambiri. Uphungu umenewu unatsegulira khomo ana a anthu wamba. Anthunso sanakhale manja lende: anasonkha ndalama, ena ziweto, ena zokolola za m'munda. Lamulo lokhazikitsa yunivesite linapangidwa mu 1965, ndipo m'mwezi wa March 1966 ophunzira 312 anayamba maphunziro pa Ridgeway. Dr. Kenneth Kaunda ndiwo anali Cansela woyamba.

Poyamba panali masukulu atatu okha. Ya Uphunzitsi inakhalapo cifukwa masukulu a sekondale anali kudalira aphunzitsi ocokera kunja. Ya Sayansi inaphunzitsa masamu, kemisitiri, fizikisi ndi za zamoyo, pakuti popanda izi dokotala kapena injiniya sangapezeke. Yacitatu inali ya mbiri, zinenero, cuma ndi makhalidwe a anthu, yokonza amene adzagwira nchito m'maofesi a boma.

Pa maziko amenewa masukulu ena anamangidwa limodzi limodzi. Ya Malamulo inadza mu 1967, ya Uinjiniya mu 1969, ndipo ya Udokotala inaima payokha mu 1970, pafupi ndi cipatala cacikulu ca U.T.H. Ya Ulimi inatsata mu 1971, ndi ya Migodi mu 1973, pamene mkuwa unali msana wa cuma ca dziko. Ya Matenda a Ziweto inayamba mu 1983, ndipo icedwa ndi dzina la Samora Machel. Nthambi ya ku Kitwe, yophunzitsa za malonda, inasanduka Copperbelt University mu 1987.

Pa zaka zimenezi yunivesite inasamukira ku Great East Road, ndipo mu 1969 Prof. Lameck Goma, katswiri wa za udzudzu, anakhala Mzambia woyamba kuitsogolera. Aphunzitsi ndi ophunzira a zolembalemba nawo anayambitsa bwalo la masewero la Chikwakwa, napita nawo masewero ao ku midzi m'zinenero za anthu.

Masewera olimbitsa thupi anacedwa kulandira ulemu wotere. Kwa nthawi yaitali mpira ndi mjaha zinayesedwa zotayira nthawi ophunzira akaweruka, osati nzeru yoyenera kulembera mayeso. Pambuyo pace Sukulu ya Uphunzitsi inayamba kukonza aphunzitsi a masewera, amene aphunzira kagwiridwe ka nchito ka thupi ndi kaphunzitsidwe ka ana pa bwalo. Dziko limene linatenga cikho ca mpira ca Africa mu 2012 lisowa anthu otere monga momwe lisowera madokotala.

Wowerenga zaka zimenezi mwa dongosolo lace aona kuti phunziro liri lonse linadza poyankha kusowa kwina kwa dziko: aphunzitsi poyamba, kenaka oweruza milandu, omanga milatho, ocilitsa odwala, alimi ndi okumba mkuwa. Anasonkha ziweto ndi zokolola aja anafuna kuti ana ao apeze nzeru zonsezi kwao konkuno, osaolokanso Zambezi.