Profesa Serpell ndi Funso la Nzeru

M'mbiri ya Yunivesite ya Zambia muli dzina limene aphunzitsi a m'midzi ayenera kulidziwa, ndilo la Profesa Robert Serpell. Iwo anatsogolera sukulu yaikuluyo kuyambira caka ca 2003 kufikira 2006, koma njira yao yofikira pa mpando umenewo inadzera m'midzi ya Acewa, kumene anakafunsa akulu tanthauzo la mau akuti nzeru.

Bambo Serpell anabadwira ku England m'caka ca 1944, naphunzira ku Oxford. Anafika ku Zambia mu 1965, dziko litangolandira ufulu wace, Yunivesite isanatsegule makomo, pakuti ophunzira oyamba analowa mu 1966. Nchito yao inali ya saikoloje, ndiko kufufuza maganizo a munthu ndi makulidwe a nzeru zace. Mu 1969 Yunivesite ya Sussex inawapatsa digiri ya udokotala.

Masiku amenewo akatswiri ambiri anali kuyesa ana a mu Afrika ndi mayeso opangidwa ku Ulaya, ndipo ana akalephera, ena anali kuti nzeru zao n'zocepa. A Serpell anakayika. Anatenga ana a ku Lusaka ndi ana a ku England, nawapatsa zithunzi zofanana kuti azitsanzire. Pojambula ndi pensulo ana a ku England anapambana. Popinda waya anapambana a ku Lusaka, amene anazolowera kupanga magalimoto a waya. Poumba ndi dongo magulu awiriwo analingana. Zotsatira izi zinasindikizidwa mu 1979, ndipo zinaonetsa kuti mayeso kawirikawiri amayesa cimene mwana anazolowera kucita ndi manja ace. Pa cifukwa ici iwo ndi anzao anakonza mayeso ena ochedwa Panga Munthu, m'mene mwana amaumba munthu ndi dongo.

M'zaka za m'ma 1970 anapita ku boma la Katete. Kumeneko anapempha akulu a m'mudzi kuti anene mwana amene angamtume pa nchito yobvuta, ndi cifukwa cace. Mayankho ao anaonetsa kuti kwa Acewa nzeru ziri ndi miyendo iwiri: kucenjera, ndi kutumikira mokhulupirika. Mwana wofulumira kugwira zinthu koma wosatumika amangochedwa wocenjera, ndipo mau amenewo pa okha sakhala oyamika nthawi zonse.

A Serpell anatsata moyo wa ana a m'midziyo kufikira atakula, nalemba zimene anapeza m'buku lochedwa The Significance of Schooling, la mu 1993. Anafanizira sukulu ndi makwerero opapatiza, amene ana ambiri amayamba kukwera koma owerengeka okha amafika pamwamba. Otsalawo anabwerera ku minda akudziyesa olephera, ngakhale ambiri a iwo anakhala alimi abwino ndi makolo odalirika. Bukulo linadandaulanso kuti sukulu imayesa mwana wopambana pokhapokha yamcotsa kwao.

Pamene anali kufufuza izi anali kusenzanso nchito za utsogoleri. Kuyambira 1977 kufikira 1983 anali mkulu wa Institute for African Studies, nthambi ya Yunivesite imene inacokera ku Rhodes-Livingstone Institute yakale. Mu 1989 anasamukira ku America, nakhala profesa pa Yunivesite ya Maryland ku Baltimore County, kumene anafufuza m'mene ana a mu mzinda amaphunzirira kuwerenga kunyumba ndi kusukulu. Tsono mu 2003 analandira mpando wa Vice-Chancellor ku Lusaka, umene Profesa Lameck Goma anali Mzambia woyamba kuukhala mu 1969. Wokhala pa mpandowu ndiye woyendetsa Yunivesite tsiku ndi tsiku: amayang'anira maphunziro, ndalama, aphunzitsi ndi ophunzira, ndipo amayankha kwa Bungwe la Yunivesite. Cotero munthu amene anadandaula za makwerero opapatiza anaikidwa kuyang'anira khwerero lomariza.

Zaka za utsogoleri zitatha, sanafune mpumulo. Anabwerera ku dipatimenti ya saikoloje, naphunzitsa, ndipo anatsogolera bungwe la CAPOLSA, lolimbikitsa kuti ana ayambe kuwerenga m'zinenero za kwao. Wocokera pa mpando waukulu anatsikiranso ku nkhani za mwana wa Giredi 1, kumene makwerero amayambira.

Mbiri iyi iri ndi mau kwa mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi. Mayeso amasankha ana ena nasiya ena, ndipo mphunzitsi sangawasinthe yekha. Koma ali ndi mphamvu pa mau amene mwana wotsalayo adzanyamula popita kwao. Ngati mwanayo anapatsidwa nchito m'kalasi, monga kuthandiza mnzace kuwerenga kapena kusunga mabuku, ndipo anayamikidwa pamaso pa anzace cifukwa ca kukhulupirika kwace, adzacoka akudziwa kuti ali nazo nzeru zimene makolo ace amazilemekeza. Akulu a ku Katete anazinena kale zimenezi, ndipo profesa anangozilemba kuti sukulu nayonso izimve.