Sukulu ya Anyamata ya Kafue: Mbiri Yake ndi Umoyo wa Ophunzira

Kafue Boys Secondary School ndi sukulu ya sekondale ya anyamata yogonera komweko. Ili pafupi ndi mtsinje wa Kafue, kumwera kwa Lusaka, ndipo mwini wake ndi mpingo wa United Church of Zambia (UCZ).

Ciyambi cake

Amishoni a Primitive Methodist ocokera ku Britain ndiwo anatsegula sukuluyi mu 1918, pa dzina lakuti Kafue Training Institute. Mtsogoleri wake woyamba anali Mbusa John Fell. Colinga cinali kuphunzitsa anyamata kuti akakhale aphunzitsi ndi alaliki m'midzi. Koma Fell sanafune mwana wodziwa buku lokha, motero anyamata anali kuphunziranso ulimi, ukalipentala ndi kumanga nyumba. Mmodzi mwa amene anaphunzira pamenepa ndi Harry Mwaanga Nkumbula, amene anadzakhala mtsogoleri wa cipani ca African National Congress mu 1951.

Pamene Amethodist anagwirizana ndi mipingo ina kupanga UCZ mu 1965, sukuluyi inalowa m'manja mwa mpingo watsopanowu.

Kayendetsedwe kake

Iyi ndi imodzi mwa masukulu a mishoni othandizidwa ndi boma. Boma limalipira aphunzitsi, ndipo ana amatsatira maphunziro a Unduna wa Zamaphunziro ndi kulemba mayeso a Examinations Council of Zambia. Mpingo umayang'anira malo, mwambo ndi umoyo wauzimu. Caka ca sukulu cili ndi matemu atatu.

Umoyo wa tsiku ndi tsiku

Monga m'masukulu ena ogonera komweko, belu ndilo limalamulira tsiku. Mnyamata amadzuka m'mamawa, kuyala bedi, kusesa ndi kupita ku mapemphero asanalowe m'kalasi. Masana pamakhala masewera ndi nchito zamanja, ndipo madzulo onse amakhala cete kuwerenga pa nthawi yocedwa prep. Mapulifekiti amathandiza aphunzitsi kusunga mwambo. Pa Sondo pamakhala mapemphero a sukulu yonse.

Kwa mwana amene wangocoka kwao, temu yoyamba ndiyo yovuta. Amayewa kunyumba, amacapa yekha zovala, ndipo amaphunzira kusunga kandalama kocepa mpaka tsiku lotsekera. Pamenepa ndi pamene amasankhanso anzake, abwino kapena oipa.

Mbali ya makolo ndi mpingo

Ngakhale boma linacotsa malipiro a maphunziro mu 2022, mwana wogonera pasukulu amafunabe ndalama za cakudya ndi malo ogona, yunifomu, sopo ndi thiransipoti. Ana amasiye ndiwo amavutika kwambiri. Ndiye cifukwa cake mabungwe a azimai, azibambo ndi acinyamata amalimbikitsidwa kudziwa ana a mumpingo mwao amene ali ku masukulu otere, kuwayendera pa tsiku lololedwa ndi kuwathandiza temu isanayambe. Paja anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.