Mtedza wa ku Mchinji ndi Zala za Amayi

Inu anzanga a m'tauni amene mumagula mtedza wokazinga padepoti, kodi munayamba mwadzifunsapo kuti unadutsa m'manja angati? Ine ndinakulira kwa Mkanda, m'boma la Mchinji, ndipo mwezi wa Meyi ukafika zala zanga zimakumbuka zokha.

Ntchito yake imayenda chonchi. Abambo amatsogola ndi khasu kukumba, ife ana pambuyo kukutumula dothi ndi kugadamiza masangwi kuti makoko aone dzuwa. Ukauma, amayi amakhala pansi kuthothola, khoko limodzilimodzi, mpaka chitini kudzaza. Madzulo kusenda. Agogo ankachita chimodzimodzi pomwe boma lathuli linkatchedwa Fort Manning. Zambiri zasintha m'mbiri ya mbewuyi, koma khasu ndi zala ayi.

Mtedzawu ndi mlendo, kwawo ndi ku South America. Koma m'dothi lathu unakhazikika ngati mkamwini wabwino. Wa agogo unali Chalimbana, wa maso akuluakulu, umene dzina lake ndi la malo ena kufupi ndi Lusaka ku Zambia. Ankaugulitsa ku Farmers Marketing Board, ndipo kuyambira 1971 ku ADMARC, imene inalowa m'malo mwake. Kumeneko kunali kusankha, wabwino padera, mphwephwa padera. Wabwinowo unkapita mpaka ku Mangalande. Komabe tisakometse zakale. Ofufuza anaonetsa kuti mlimi wamng'ono ankalandira mtengo wotsika, phindu n'kumathandiza kutsegula maesiteti a fodya. Ena mwa maesitetiwo anatsegulidwa konkuno ku Mchinji.

M'zaka za m'ma 1980 msika wa kunja unayamba kutithawa, ndipo china mwa zifukwa zake chinali chuku. Nkhani ya chuku inadziwika mu 1960, pomwe nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Akatswiri anapeza poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amabwera ndi nkhungu yomera pa mtedza wa chinyezi, ndipo amayambitsa khansa ya m'chiwindi. Maiko a ku Ulaya anakhwimitsa malamulo, mtedza wathu n'kumalephera mayeso.

Mu 1987 boma linalola amalonda wamba kugula mbewu kwa alimi. Mavenda anafika ndi masikelo awo pa Kamwendo, pa Kapiri, pa Waliranji. Venda safunsa kuti mtedza wauma bwanji, iye n'kulemera basi. Apatu m'pamene chizolowezi chowaza madzi pa makoko chinapeza malo, chifukwa khoko lonyowa limasweka msanga, ndipo mtedza wake umalemera pasikelo. Mu 1990 kunatuluka mbewu ya CG7, yofiira, yobereka kwambiri, imene akatswiri a ku Chitedze anayesa pamodzi ndi bungwe la ICRISAT. Zokolola zinachuluka, koma zala zosenda zinali zomwezo.

Mutu umodzi susenza denga. Alimi a kuno anapanga bungwe la MASFA pansi pa NASFAM, ndipo mu 2004 linalandira chiphaso cha Fairtrade. Mtedza wa ku Mchinji unaonekanso m'masitolo a ku Britain, ndipo mu 2007 kunabadwa kampani ya Liberation Foods, imene alimi ena mwa eni ake anali a kuno. Chinsinsi sichinali makina ayi. Kunali kukumba pa nthawi yake, kuumitsa bwino, kusenda osanyowetsa, kusankha, ndi mtengo woti munthu aone chifukwa chovutikira. Koma si mlimi aliyense amene anali m'bungwe. Kwathu sitinalimo.

Chaka china ndinapita kumudzi nthawi yokolola, dipuloma yanga ili m'mutu. Ndinapeza amayi akuwaza madzi pa mulu wa makoko.

"Amayi, mukuitanatu chuku pamenepa," ndinatero.

Sanakangane nane. Anangondipatsa lichero la mtedza wouma gwaa.

"Tasenda iweyo mwana wasukulu, tione."

Lichero lisanafike pakati, chala changa chachikulu chinali chitang'ambika. Amayi anali ndi matumba asanu ndi limodzi oti asende, sukulu fizi ya mlongo wanga ikudikira. Ndinakhala chete.

Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti mtedza wooneka bwino umapita kwa venda, pomwe wotsalira, wothimbirira uja, ndi umene umasinjidwa. Nsinjiro zake zimalowa mu nkhwani ndi m'phala la ana athu omwe. Kumsika wa m'tauni nako palibe amauyeza.

Alangizi amanena zoona akamati tisanyowetse mtedza. Koma mbiri ya ku Mchinji ikutiphunzitsa kuti mtedza umauma bwino pomwe wogula akulipira kuumako. Choncho mukamanenerera mtengo wa kambale ka nsinjiro ku Lizulu kapena ku Limbe, kumbukirani kuti tambala imene mwapulumutsayo yachoka pa chala cha mayi wina wa kwa Mkanda.