Mbiri ya Banja la Mlimi wa ku Zóbuè

Mabuku a mbiri amachula mafumu, akazembe ndi azungu apaulendo. Mlimi samuchula kawirikawiri. Koma mafumuwo anali kudya nsima yocokera m'munda wa mlimi, ndipo ankhondo anali kulanda za m'nkhokwe yake. Ife a ku Zóbuè ndi ku Moatize ndife zidzukulu za alimi. Tiyeni titsate banja limodzi la alimi kuyambira zaka za m'ma 1800 kufikira lero. Dzina lake sitilichula, cifukwa njira imene linayenda ndi imene mabanja athu ambiri anayenda.

M'maiko ena kutsata banja ndi nchito yapafupi. Ku Québec, m'dziko la Canada, kuli alimi olankhula Cifalansa. Ansembe a kumeneko anayamba kulemba m'mabuku a chalichi m'caka ca 1621. Anali kulemba ubatizo, ukwati ndi maliro, pamodzi ndi maina a makolo. Munthu wa kumeneko akafuna kudziwa za kholo lake limene linali kulima m'mbali mwa mtsinje wa Saint-Laurent m'ma 1850, amatsegula buku. Ife buku lotero tilibe. Mbiri yathu ili pakamwa pa akuluakulu, ili m'mfunda, ili kumanda.

Mlimi wathu anabadwa ca m'ma 1830. Atakula anapita cikamwini kumudzi kwa mkazi wake. Munda umene anapatsidwa unali wa mbumba ya mkaziyo. Ana ake anali a kwa amai ao, ndipo woyang'anira anawo anali mtsibweni wao, mwini mbumba. Nci cifukwa cake wofuna tsinde la banja lacicewa amatsata bere la amai. Akatsata atate okha amasokera msanga.

M'munda mwake munali mapira, mawere, cimanga, maungu ndi nyemba. Khasu lake linasulidwa ndi citsulo cocokera m'ng'anjo za anthu a konkuno. Thonje anali kulipota ndi manja ndi kuomba nsaru. Mu 1856 David Livingstone anafika ku Tete, ndipo analemba za malasha amene anali kuoneka m'mbali mwa mtsinje wa Moatize. Mlimi wathu analibe nayo nchito miyala yakudayo. Iye anali kuyang'ana mitambo.

Mtendere unali wocepa m'masiku ake. M'mbali mwa Zambezi munali malo akuluakulu a Apwitikizi ochedwa prazo. Ankhondo a malowo, Acikunda, anali kukwera kumtunda kudzafuna minyanga ya njobvu ndi akapolo. Kumpoto kwa Tete kunali ufumu wa Makanga, wolamulidwa ndi banja la Pereira. Kenaka kunabwera Angoni. A Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu 1835, tsiku limene dzuwa linada masana. A Maseko anakhazikika ku Domwe ca m'ma 1870, ndipo magulu ao ankhondo anali kutsikira m'midzi ya Acewa.

Alimi ambiri anathawira pamwamba pa mapiri, nalima m'mipata ya miyala. Ena anagwidwa nakulira m'midzi ya Angoni. Iwo anaphunzira kulowola ndi ng'ombe ndi kuwerengera ana kwa atate. Tikapeza lero kuti nyumba ina imadzicha Angoni pamene abale ake amadzicha Acewa, tisadabwe. Kawirikawiri tsinde limakhala limodzi. Nkhondo ndi imene inagawa nthambi.

Ana a mlimi wathu anakumana ndi cinthu cacilendo: malire. Mu 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anapangana kuti mzere udutse pamwamba pa mtunda, pamene madzi amagawikana. Madzi opita ku Shire akhale a Angelezi, opita ku Zambezi akhale a Apwitikizi. Eni minda sanafunsidwe. Zóbuè inagwera uku, Mwanza inagwera uko. Mlongo anakhala wa dziko lina, mlongo wake wa dziko lina. Ena anali kulima mbali ino ndi kuika maliro mbali inayo.

Mphamvu za mafumu zinatha m'zaka zomwezo. Angelezi anapha Gomani, mfumu ya Angoni a Maseko, mu 1896. Apwitikizi anagonjetsa Makanga mu 1902. M'malo mwa nthungo munabwera msonkho wa nyumba. Lamulo la 1899 linanena kuti mwamuna wacikuda ayenera kugwira nchito, afune asafune. Ici ndiye cibalo. Masipayo, apolisi acikuda a boma lacitsamunda, anali kugwira amuna m'midzi kuti akakonze miseu ndi kunyamula katundu.

Zidzukulu za mlimi wathu zinabalalika cifukwa ca msonkho ndi cibalo. Wina anaolokera ku Nyasaland kwa abale. Wina anayenda pansi kupita ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Wina anafika kumigodi ya Johannesburg. Njanji itafika ku Moatize mu 1949, ena analowa nchito yokumba malasha. M'maulendo awa maina anasintha. Munthu mmodzi anali ndi dzina lakumudzi, dzina laubatizo, ndi dzina lina lolembedwa pa ciphaso ca nchito. Amene anatsala pamudzi anali amai. Iwo anasunga munda, mbeu ndi maina a onse amene anapita.

Mbadwo wotsatira unaona nkhondo ziwiri. Nkhondo ya ufulu inayaka ku Tete mu 1968. Boma lacitsamunda linasonkhanitsa anthu m'midzi ya mpanda yochedwa aldeamento, kutali ndi minda yao. Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975. Patapita zaka zocepa kunabuka nkhondo yapaciweniweni. Kuyambira mu 1986 anthu anakhamukira ku Malawi, mpaka ciwerengero cao cinafika pafupifupi miliyoni imodzi. Malire amene anagawa banja mu 1891 anasanduka pothawira. Ambiri analandiridwa ndi anthu a mfunda wao.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Anthu pobwerera anapeza midzi yasanduka chire. Anazindikira malo ao ndi mitengo ya mango, milambe ndi manda. Kumene kunali nkhalamba yokumbukira malire a munda, mlandu unali kutha msanga. Kumene nkhalamba zinafera kothawira, abale anakangana.

Miyala yakuda ija nayo inadzafika pakhomo pa mlimi. Mu 2009 ndi 2010 mabanja oposa 700 anasamutsidwa kucokera kufupi ndi migodi ya Moatize kupita ku Cateme. Anasiya minda ndi mitengo imene inali mboni zao. Mwana wobadwira ku Cateme sangaloze mtengo umene agogo ake anabzala. Angadziwe za mtengowo pokhapokha wina atamuuza.

Apa ndi pamene tikuona kuti mbiri ya banja si nthano yocezera madzulo okha. Lamulo la Malo la 1997 linavomereza kuti mau a anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, ndi umboni wakuti malo ndi a uje. Koma mau amapita ndi mwini wake kumanda. Colembedwa cimatsala.

Tsono ife amene taphunzira kugwira pensulo tili ndi nchito. Titenge kope, tikhale pamphasa ndi agogo akazi. Tifunse dzina la amai ao ndi la agogo ao. Tifunse mfunda: kodi ndi Phiri, Banda, Mbewe kapena Mwale? Tifunse phiri limene anathawirako ndi mtsinje umene anali kutungako madzi. Tilembe maina onse a munthu aliyense, ngakhale atakhala atatu. Tilembe amene anapita ku Harare osabwerera, ndi amene anaikidwa ku Mwanza.

Akuluakulu sawerenga zaka ndi manambala. Amati, "Ndinabadwa sitima isanafike ku Moatize," kapena, "Tinakwatirana caka ca ufulu." Ife tidziwa kuti sitima ndi 1949, ufulu ndi 1975, mtendere ndi 1992. Tiike nambala pambali pa mau ao. Akasiyana mau agogo awiri, tilembe zonse ziwiri pamodzi ndi dzina la wonena.

Tikamaliza, tiwerenge mokweza pamaso pa mbumba yonse kuti akonze polakwika. Kope limodzi lisungidwe kwa mwini mbumba. Lina litumizidwe kwa abale a tsidya lija la malire.