Amapiano sanayambitse ndi Tyla

Anzanga a kunyanja, sabata ino ndili pa Chitakale, kuno ku Mulanje. Amalume anandiitana kuti ndidzakonze injini ya chigayo, akuti wodziwa ya boti palibe chingamukanike. Dzulo madzulo, pa kashopu koikitsira nyimbo m'mamemori, mnyamata wina wa kabaza anachita kulumbira kuti amapiano anayambitsa ndi Tyla, ku America. Ndiye ndati ndilembe.

Tyla kwawo ndi ku Johannesburg, ndipo Grammy ya nyimbo yake ya Water anailandira mu February 2024, nsima itapsa kalekale. Amapiano anabadwira m'makomboni a ku Pretoria ndi Johannesburg chapakati pa zaka za m'ma 2010. Anyamata ankasakaniza house, kwaito ndi jazz pa laputopu, kuchipinda. Mawailesi akuluakulu anachedwa kuwalabadira, ndiye nyimbozo zinkayenda zaulere, pa WhatsApp, m'maminibasi, m'mashabini. Ine ndinazimva koyamba mu December 2019, msuweni wanga atabwera nazo kuchokera ku Joni.

Besi yogunda pamtima ija amati log drum, ndipo amene ambiri amati anaitchukitsa ndi MDU aka TRP. Ine imandikumbutsa Yamaha ikamalira pang'onopang'ono m'bandakucha, a usipa akukocheza.

Mu 2019 Kabza De Small (osati wa njingayu ayi) ndi DJ Maphorisa anatulutsa Scorpion Kings. Mu 2020 Covid inatsekera anthu m'nyumba, magulewo n'kusefukira pa TikTok. Apa mpomwe makampani anadzidzimuka. Spotify inali ndi mndandanda wake, Amapiano Grooves. Uncle Waffles, mtsikana wa ku Eswatini, anatchuka ndi kavidiyo kamodzi mu October 2021. Pofika 2023 anali akuimba ku Coachella, ku America, ndipo KFC ya ku South Africa inkagulitsa baga ya dzina lake. Sindikumuchitira nsanje, amatha. Koma gule amene anakula ndi bandulo ya amphawi lero akugulitsira nkhuku.

Chandikhudza kwenikweni ndi ichi. Mng'ono wanga amaphika mabiti usiku, akachoka kokoka makoka, n'kumatumiza m'magulupu. Pa kashopu paja ndinamva biti yake, ndinaizindikira pa likhweru lake lija. Ili mu foda ya "Amapiano Hits", dzina lake palibe, ndipo anthu akulipira kuti awaikire. Ndinamuimbira kuti akalembetse ku COSOMA. Iye anangofunsa ngati anthuwo amavina.