Maphunziro a pa Munda wa Mawere

Azungu asanatche boma lino Fort Hill, dzina limene linasinthidwa kukhala Chitipa dziko litalandira ufulu, Alambya, Asukwa, Andali ndi Anyiha ankayesa kukhwima kwa mwana pa munda wa mawere. Ulimi wake unali wa visoso. Nyengo ya chilimwe bambo ankatenga mwana wake wamwamuna kupita naye kuthengo kukasadza nthambi za mitengo. Ankaziunjika pamodzi, nazisiya kuti ziume, ndipo ankazitentha mvula ili pafupi. Apa ndiye panagona luso: akafulumira kuyatsa moto, phulusa linkauluka ndi mphepo; akazengereza, mvula inkanyowetsa nthambi, ndipo banja linkagona ndi njala chaka chimenecho. Mnyamata wosadziwa kuwerenga mitambo sankamuyesa woyenera kupatsidwa mkazi, ngakhale ndevu zitamera.

Mtsikana naye ankaphunzira kwa mayi ake kucheka ngala ndi kampeni, kupuntha, kupeta, kupera pamphero ndi kufulula mowa woitanira anansi ku dima. Koposa zonse ankaphunzira kusankha ngala zonenepa ndi kuzisunga ngati mbewu, osazikhudza ngakhale nkhokwe itapepuka.

Msewu wa Stevenson, umene unayambidwa mu 1881 kuchokera ku Karonga kulowera ku nyanja ya Tanganyika, unabweretsa alendo ndi zofuna zatsopano. Mu 1894 Dr Robert Laws anatsegula sukulu ya Livingstonia ku Khondowe, kumene anyamata a kumpoto ankaphunzira ukalipentala, umisiri womanga ndi kusindikiza mabuku. M'zaka za m'ma 1930 ambiri anapita ku migodi ya golide ya Lupa ku Tanganyika, ena ku migodi ya kopa ku Northern Rhodesia, motero kulemba kalata ndi kuwerengera ndalama kunalowa m'gulu la zimene kholo linkafunira mwana wake. Ku mapiri a Misuku kunawonjezereka luso lina: kudulira khofi ndi kuthyola zipatso zofiira zokhazokha.

Maphunziro aulere a pulayimale a mu 1994 anadzaza makalasi, ndipo palibe kholo lanzeru limene lingadandaule nazo. Visoso nazo sizingabwerere monga kale, pakuti anthu achuluka ndipo mitengo yachepa. Komabe m'midzi yambiri ya kwa Mwaulambya ndi kwa Kameme, wodziwa kusankha ngala ya mbewu lero ndi agogo, pamene mdzukulu wawo, mwini satifiketi ya Fomu 4, amadikira mbewu ya chimanga yogula kusitolo.